Tizipsepse ta vortex generator pa mapiko a ndege yathu: ndemanga patatha chaka

Ine ndi achimwene anga tinamanga tokha ndege ya mipando iwiri, ya malata a aluminiyamu, ya mapiko apamwamba, ndipo injini yake ndi Rotax 912 ya mphamvu ya mahatchi 80. Timaisunga m'shedi pambali pa kabwalo ka udzu kamene kali pakati pa minda ya tiyi kuno ku Thyolo, kabwalo kafupi, kokhala ndi mitengo ya bulugama kumapeto kwake. Ndikulemba za tizipsepse ta pulasitiki totchedwa vortex generators timene tinaitanitsa kunja n'kumata kutsogolo kwa mapiko, ndipo tauluka nato nyengo zonse za chaka chathunthu.

Chimene chinkatisowetsa mtendere chinali kutera. Pa bwalo lalifupi munthu umayenera kubwera pang'onopang'ono, koma liwiro likachepa ma aileron, zigawo zakumbuyo kwa mapiko zopendeketsera ndege, ankafooka, moti kamphepo kakakankha phiko limodzi ndegeyo inkachedwa kumva ndodo yoiwongolera. Phiko likadzuka kwambiri moyang'anizana ndi mphepo, pafupifupi madigiri 15, mpweya woyenda pamwamba pake umasiya kulitsatira, umayamba kuvunduka, ndipo phikolo limaleka kunyamula ndege. Oyendetsa ndege amati imeneyi ndi stall. Achimwene ankafuna kuti tisinthe mphuno yeniyeni ya phiko, tiikepo chovala chogwetsera kutsogoloko pansi monga zilili chakumapeto kwa mapiko a ndege ya Cirrus SR22, kapena tiike ma slat, timapiko tating'ono takutsogolo kwa phiko, ngati a ndege ya Zenith CH 701 imene anakonza Chris Heintz. Njira zonsezo ndi zodziwika, koma zimafuna kuboola phiko ndi kukhoma ma rivet, timisomali tolumikizira malata, ndipo ukalakwitsa palibe kubwerera m'mbuyo. Ndinawapempha kuti tiyambe ndi chinthu choti tikapanda kukhutira nacho tingamatule.

Kachipsepse kalikonse n'kakang'ono, msinkhu wake supitirira sentimita imodzi. Timamatidwa tiwiritiwiri pamwamba pa phiko, chakumbuyo pang'ono kwa mphuno yake, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a m'lifupi mwa phikolo, ndipo kalikonse kamapendekera madigiri pafupifupi 15 ku njira ya mphepo. Mpweya ukakagunda umapanga kakamvuluvulu kamene kamatsitsira mpweya wothamanga pakhungu la phiko, kotero kuti mpweyawo umachedwa kulekana nalo. Amene anakhalapo pawindo la paphiko mu Boeing 737 ponyamuka pa Chileka anationa tachitsulo tili pamzere. Nzeru yake ndi yomweyo.

Tizipsepseto tinafika tonse, todulidwa mwaudongo, ndipo patatha chaka cha dzuwa sitinachite chikasu kapena kuthetheka. Pamenepa wogulitsa ndikumuyamikira. Chimene sindinakondwere nacho ndi chikombole choikira, chimene chinali cha pepala wamba. Tinagwira ntchitoyi mu June, chiperoni chitakuta minda yonse, ndipo pofika masana pepalalo linali litanyowa ndi chinyezi n'kuyamba kupindika. Achimwene analitenga, naliyala pa kachidutswa ka lata kotsala, nalemba mizere yake ndi nsonga ya msomali, n'kudula chikombole china cholimba. Mzere wa phiko lonse tinaukoka ndi chingwe cha amisiri omanga nyumba, ndipo tinayeza mapiko onse awiri kawirikawiri, chifukwa phiko limodzi likasiyana ndi linzake ndegeyo idzagwetsa mbali imodzi pa stall. Malangizo sananene chilichonse za kuzizira. Ife tinapukuta utoto ndi sipiriti monga analembera, koma guluu wake sagwira bwino pa lata lozizira ndi lachinyezi, ndipo tizipsepse titatu tinatsala m'nsalu tsiku loyamba kutsuka ndege. Tinabwereza tsiku la dzuwa, tikukanikiza kalikonse ndi chala kwa kanthawi, ndipo kuyambira pamenepo palibe kamene kagwanso. Mzere umodzi wochenjeza m'malangizomo ukanatipulumutsa ku ntchito imeneyi.

Katswiri woyendera ndege ataona ntchitoyo n'kuilemba m'buku la ndege, ndinakwera ndekha m'mawa kulibe mphepo, ndipo ndinapita m'mwamba kwambiri, phiri la Mulanje likuoneka lonse kum'mawa. Tinali titamata timaulusi ta ubweya pamwamba pa phiko lakumanzere ndi kamera yaing'ono yotijambula, monga tinachitira tisanaike tizipsepse. Pa kanema wakale, mphuno ya ndege ikangodzuka timaulusi ta kumbuyo tinkayamba kuvina, kenako tonse tinkatembenukira kutsogolo nthawi imodzi. Pa watsopano tinagona chogonera mpaka mphuno itakwera kuposa kale, ndipo ta kutsogolo kwa aileron ndi timene tinamalizira kusokonekera. Izi ndi zimenenso dzanja langa linamva: ndodo inali ikugwirabe ntchito pa liwiro limene kale inkangokhala ngati yomasuka. Liwiro la stall linatsika ndithu, koma sindikhulupirira singano ya liwiro mphuno ili m'mwamba chotero, chifukwa mpweya umalowa mopendekera m'kapaipi koyezera liwiro kotchedwa pitot ndipo singanoyo imaonetsa nambala yotsika kuposa yeniyeni. Amene amadzitama ndi manambala odabwitsa pa intaneti ayambe ayerekezera ndi GPS, atauluka mbali zonse ziwiri. Kwa ine phindu la tizipsepseti lili m'ma aileron omvera, osati m'nambala.

Phiko litayamba kupirira, mchira ndiwo unayamba kuperewera. Potera, ndodo inkafika pamimba mphuno isanadzuke mokwanira, ndipo tinachita kuitanitsa tizipsepse tina tomata kunsi kwa mchira, kutsogolo kwa elevator, chigawo cha mchira chokweza ndi kutsitsa mphuno ya ndege. Wogulitsa anayenera kutiuza zimenezi pachiyambi, chifukwa kudikira katundu wachiwiri kuchokera kunja ndi kulipiranso msonkho si nkhani yaing'ono kuno. Pa ulendo wamba sindinaone kusintha kwenikweni pa liwiro kapena pa mafuta.

Mu October mpweya umapepuka ndi kutentha, ndipo kuno kumtunda injini ndi pulopela zimataya mphamvu. Tizipsepse sitiwonjezera hatchi ngakhale imodzi, moti masana otentha, tili awiri ndi mafuta odzaza, mitengo ya bulugama ija imayandikira monga kale, ndipo timanyamuka m'mamawa kapena kusiya katundu. Ndikulimbikitsa mankhwala a phiko amenewa kwa aliyense wotera pa bwalo lalifupi, bola amate tsiku lofunda, agule ta mchira nthawi yomweyo, ndipo asunge totsala, chifukwa chinsalu chophimbira mapiko chimakola, ndipo alendo obwera kudzaona ndege amakonda kutigwedeza ndi chala.