A Marshall kapena a Roem: ndani akatiyankhulire ku Richmond?

Ndimatuluka m'nyumba ku Manassas Park, m'chigawo cha Virginia ku America, kusanache bwino, tiyi ali m'kapu yotsekera, yunifolomu ya kuntchito ndavaliratu. Malo osamalira okalamba amene ndimagwirako ali mbali ya Fairfax, ndipo njira yake ndi imodzi basi: msewu wa Route 28, kudzera ku Yorkshire, kuwoloka kamtsinje ka Bull Run, mpaka ku Centreville. Amene mumaudziwa msewuwu mukudziwa zimene ndikunena. Nyali zofiira za kumbuyo kwa magalimoto zimandandalika ngati makala mpaka kumene maso alekezera. Loboti ikalola mumasuntha magalimoto asanu, yatsekanso. Tsiku lina ndinafika mochedwa mnzanga wa usiku atatopa kale kundidikira, maso ali psuu, mwana wake atasiyidwa ndi basi ya sukulu chifukwa cha ine.

N'chifukwa chake chisankho cha Lachiwiri pa 7 Novembala 2017 chandikhudza kuposa zisankho zina. Ndikulemba izi chisankhocho chisanachitike. Ambiri a ife amene tinalandira unzika wa dziko lino timadziwa kuti tsikulo kuli kusankha bwanamkubwa wa Virginia pakati pa a Ralph Northam ndi a Ed Gillespie. Koma m'munsi mwa pepala lomwelo muli mayina ena awiri, a Bob Marshall a chipani cha Republican ndi a Danica Roem a chipani cha Democratic, amene akulimbirana mpando wa dera la nambala 13 m'nyumba ya malamulo ya Virginia, imene amaitcha House of Delegates. Mu 2017 derali linali mzinda wa Manassas Park pamodzi ndi mbali zina za boma la Prince William, monga Yorkshire, Gainesville ndi Haymarket.

Tisafanizire phungu wa kuno ndi wa kwathu. Sagulira anthu mabokosi a maliro, salipirira ana fizi, ndipo palibe amene amamudikira pakhomo m'mawa. Nyumbayo ili ndi mipando 100, phungu amakhala zaka ziwiri zokha, malipiro ake ndi madola 17,640 pachaka, ndipo amakakumana ku Richmond, likulu la Virginia, kwa masabata owerengeka kumayambiriro kwa chaka. Koma mphamvu ali nazo zambiri. Ku Virginia misewu yochuluka, ngakhale ya m'maboma ang'onoang'ono, imasamalidwa ndi boma la Virginia lenilenilo, ndipo makhonsolo sangachite chinthu chimene nyumba ya malamulo sinawapatse chilolezo. Ndalama za msewu, gawo lalikulu la ndalama za sukulu, ndi funso lakuti ndani alandire chithandizo cha kuchipatala cha Medicaid, zonsezi zimadutsa m'manja mwa anthu 100 amenewa ndi anzawo 40 a ku nyumba ina ya malamulo yotchedwa Senate.

Ndiyambe ndi achikulire. Mu 2017 a Marshall anali ndi zaka 73. Anasankhidwa koyamba mu 1991 ndipo anakhala pampandowu kuyambira 1992, a Roem ali kamwana ka sukulu ya pulayimale. Ndi Akatolika olimba, ndipo asanakhale phungu anagwirapo ntchito ku American Life League, bungwe lolimbana ndi kuchotsa mimba. Moyo wawo wa ndale wayenda mumzere umenewo osakhota. Dzina lawo lili pa kusintha kwa malamulo aakulu a Virginia kwa mu 2006, kumene kunanena kuti ukwati ndi wa mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi. Anthu 57 pa 100 aliwonse amene anavota anavomereza, koma makhoti anakugwetsa mu 2014, ndipo mu 2015 khoti lalikulu la dziko lonse linatseka nkhaniyo. Mu 2012 anabweretsa bilu yonena kuti mwana ndi munthu pamaso pa lamulo kuyambira pamene mayi watenga pakati. Inadutsa m'nyumba yawo, koma ku Senate inaikidwa pambali. Kumayambiriro kwa 2017 anabweranso ndi bilu yonena kuti m'sukulu ndi m'nyumba za boma munthu azilowa chimbudzi chogwirizana ndi mmene anabadwira. Imeneyi inafera m'komiti yaing'ono imene anzawo a chipani chawo chomwe ndiwo ankaitsogolera. Anali ataona zimene zinagwera chigawo cha North Carolina chitakhazikitsa lamulo lotere mu 2016, pamene masewero aakulu a basketball a ligi ya NBA anachotsedwa mumzinda wa Charlotte.

Ndikudziwa kuti ambiri amene timapemphera limodzi Lamlungu akawerenga ndime imeneyi ati, ameneyo ndiye munthu wathu. Sindikuwanyoza. Tinakulira m'mipingo imene imaphunzitsa zomwezo, ndipo a Marshall sanayambe abisapo zimene amakhulupirira kuti apeze mavoti. M'ndale khalidwe limenelo ndi losowa.

Palinso mbali ina ya a Marshall imene otsutsana nawo sakonda kuitchula, ndipo ine ndimailemekeza. Ndi munthu wowerenga mabilu mpaka timalemba tating'ono, wosaopa kutsutsa atsogoleri a chipani chawo. Mu 2007 nyumba ya malamulo inapatsa bungwe la Northern Virginia Transportation Authority mphamvu zokhometsa misonkho ya misewu. A Marshall anakamang'ala kukhoti kuti bungwe limene mamembala ake sanasankhidwire ntchito imeneyo ndi anthu silingakhometse anthu msonkho, ndipo mu 2008 khoti lalikulu la Virginia linagwirizana nawo. Mu 2012 anatsogolera lamulo loletsa maofesi a Virginia kuthandiza asilikali a dziko lino kutsekera nzika popanda kuizenga mlandu, ndipo aphungu a mbali zonse ziwiri anawathandiza. Ife amene tinamva kwa makolo athu za anthu otengedwa usiku n'kukasungidwa ku Mikuyu zaka zambiri popanda kuonekera kukhoti, sitingaone lamulo lotere ngati nkhani yaing'ono. Paja amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Koma amatinso mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. A Roem anali ndi zaka 33 mu 2017, anabadwira ndi kukulira kuno ku Manassas, anaphunzira sukulu za Chikatolika nawonso, kenako utolankhani ku St. Bonaventure University m'chigawo cha New York. Kwa zaka zoposa zisanu ndi zinayi analembera nyuzi za kuno za Gainesville Times ndi Prince William Times, kenako anakagwira ku Montgomery County Sentinel ku Maryland. Ntchito ya mtolankhani wa nyuzi yaing'ono ndi kukhala pa mpando wakumbuyo m'misonkhano ya khonsolo ndi ya bodi ya sukulu mpaka usiku, kumva za mapaipi a madzi, malo omanga nyumba ndi bajeti, nkhani zimene enafe tingagone nazo tulo. Pofika 2017 anali asanakhalepo pa udindo wosankhidwa. M'mwezi wa Juni 2017 anapambana anzawo atatu pa chisankho cha chipulula cha chipani chawo.

Ndiye pali nkhani imene yabweretsa atolankhani ochokera kutali. A Roem anabadwa akudziwika ngati mwana wamwamuna, koma kwa zaka tsopano amakhala moyo wawo wonse ngati mayi, ndipo dzina ndi mapepala awo anasintha. Sabisa. A Marshall akana kukumana nawo pa mtsutso wa pagulu, ndipo powatchula amagwiritsa dala mawu a Chingerezi otchulira mwamuna. Ndinayesa kumufotokozera mchemwali wanga wa ku Zomba pafoni za mkangano umenewu, ndipo ndinapeza kuti m'chinenero chathu mulibe poyambira. Timati iye, timati iwo, kaya ndi bambo kaya ndi mayi. Mchemwaliyo anangofunsa kuti, nanga akukana kukhala nawo pansi chifukwa chiyani, si onse akufuna mpando womwewo? Funso limenelo landikhala mumtima. Munthu akhoza kusagwirizana ndi moyo wa mnzake, koma amene akupempha voti yanga ayenera kuima pafupi ndi wopikisana naye ndi kuyankha mafunso ine ndikumva. Pamenepa a Marshall anandilanda mwayi wanga, osati wa a Roem.

Tibwerere pamsewu, chifukwa mpamene awiriwa asiyanirana zenizeni. Kampeni ya a Roem yamangidwa pa mawu amodzi akuti Route 28 ikonzedwe, ndipo zikwangwani zawo zikunena zomwezo. Mfundo yawo ndi yakuti vuto si kuchepa kwa msewu kokha ayi, koma maloboti ochuluka. Akufuna kuti pamphambano zina pamangidwe milatho yodutsa pamwamba kapena pakonzedwe mwanjira ina kuti maloboti achepe. Sizachilendo. Aliyense amene anapitako ku bwalo la ndege la Dulles akudziwa kuti msewu womwewu, ukangodutsa msewu waukulu wa I-66 kulowera kumpoto, umayenda ngati mtsinje, chifukwa kumeneko mphambano zambiri zinasinthidwa kale kukhala milatho. Kum'mwera kuno ndiko tinatsalira.

A Marshall anganene kuti nawonso samaukonda mdipitiwo, ndipo ndikuwakhulupirira. Koma pamene bwanamkubwa wa chipani chawo, a Bob McDonnell, anabweretsa lamulo la mu 2013 lokweza misonkho ina kuti papezeke ndalama za misewu, kuphatikizapo ndalama zotsalira kuno kumpoto kwa Virginia, iwo anatsutsa. Mlandu wa mu 2008 anapambana mwachilungamo, komabe zotsatira zake zinali zakuti ndalama za misewu zinachedwa zaka zisanu. Ndi anthu odziwa kutseka chitseko chimene chatsegulidwa molakwika, ndipo luso limenelo limafunika. Chimene sindinachione m'zaka zoposa 25 ndi chitseko china chimene anatitsegulira m'malo mwake. Phungu mmodzi samanga msewu, ndikuvomereza. Koma nthawi imene phungu ali nayo ku Richmond ndi yochepa, ndipo imene yathera pa bilu ya zimbudzi imene anzake omwe sakuifuna, sinathere pa Route 28.

Nkhani ya chipatala ndi imene ikutikhudza ife ogwira ntchito zosamalira odwala, zoyendetsa magalimoto ndi za m'masitolo. Lamulo la zaumoyo la nthawi ya a Obama linalola zigawo kukulitsa Medicaid kuti ifikire akuluakulu olandira ndalama zochepa, boma la dziko lonse n'kumalipira gawo lalikulu kwambiri. Maryland inavomera. Pofika 2017 Virginia inali ikukanabe, ngakhale bwanamkubwa wa nthawiyo Terry McAuliffe anayesa chaka ndi chaka, chifukwa a Republican anali ndi mipando 66 mwa 100 m'nyumbayi. Chiwerengero chimene chimatchulidwa ndi cha anthu pafupifupi 400,000 amene angathandizike. A Roem akufuna Medicaid ikulitsidwe. A Marshall akhala akulimbana ndi lamulo la zaumoyolo kuyambira pachiyambi, ndipo mu 2010 anatsogolera lamulo la Virginia lonena kuti munthu asakakamizidwe kugula inshuwalansi. Mantha a mbali yawo ndi akuti tsiku lina Washington idzachepetsa gawo lake, Virginia n'kutsala ndi ngongole. Si mantha opanda pake, makamaka mu 2017 pamene aphungu a ku Washington anayesa kangapo kuligwetsa lamulolo. Koma ine ndimagwira ntchito ndi mayi wina amene amatembenuza odwala pabedi tsiku lonse, msana wake ukumupweteka, ndipo amameza mapilitsi ogula m'sitolo chifukwa kukaonana ndi dokotala kungamudyere ndalama za lendi. Ngongole imene a Marshall akuiopa ndi ya mawa. Ya mayiyu ikulipidwa lero, ndi thupi lake.

Pa sukulu a Roem akufuna malipiro a aphunzitsi akwere, ndipo makolo a ku Prince William tikudziwa mmene makalasi adzadzira. Pa nthambo zazikulu za magetsi zimene kampani ya Dominion inkafuna kudutsitsa ku Haymarket mu 2017, awiriwa sankasiyana kwenikweni, onse anaima ndi eni nyumba amene sankafuna nsanja zachitsulo pakhomo pawo.

A Roem ali ndi zofooka zawo, ndipo ndizitchule. Pofika 2017 anali asanalembepo bilu ngakhale imodzi. Akapambana adzakhala phungu watsopano, mwina m'chipani chochepa, ndipo wotere mawu ake samveka msanga m'makomiti amene amagawa ndalama. Milatho ndi yodula, ndipo ndalama zake zimalimbiranidwa ndi Fairfax, Loudoun ndi ena onse. Amene akuganiza kuti maloboti achoka chaka chamawa adzakhumudwa. Komanso ndalama zambiri za kampeni yawo zachokera kunja kwa Virginia, kwa anthu amene sanaimepo pa Route 28 ndipo akuwathandiza pa zifukwa zina. Ndili ndi nkhawa kuti akadzafika ku Richmond makamera adzawakokera ku nkhani za dziko lonse, msewu n'kuiwalika. Chimene chikundilimbitsa mtima n'chakuti mpaka pano, atolankhani akawafunsa za moyo wawo, amayankha mwachidule n'kubwerera ku msewu, ndipo amatchula mphambano ndi mayina ake ngati munthu amene waimapo.

Voti yanga ndipereka kwa a Roem. Abale amene chikumbumtima chanu pa nkhani ya ukwati ndi ya mimba sichingakuloleni kutero, sinditsutsana nanu, ndingokukumbutsani kuti ya ukwati ija inagamulidwa ndi khoti lalikulu ndipo phungu wa dera la 13 sangaisinthe, pamene ya msewu ndi ya Medicaid idzavoteredwa ku Richmond m'miyezi ikubwerayi. Mpandowu udzabweranso kwa ife mu 2019, ndipo ndidzakhala ndikuwerenga maloboti.

Malo ovotera amatsegulidwa 6 koloko m'mawa ndi kutsekedwa 7 koloko madzulo, ndipo mu 2017 pankafunika chiphaso chokhala ndi chithunzi, monga laisensi. Amene muli ndi green card yokha, chilolezo chokhazikika m'dziko muno koma osati unzika, chonde musayerekeze kuvota ngakhale wina akuuzeni kuti palibe vuto, chifukwa ndi mlandu umene ungakuthamangitseni m'dziko muno. Ine ndagwirizana kale ndi mnzanga wa usiku uja kuti Lachiwiri andidikire pang'ono. Ndikavota chitseko chikangotsegulidwa, kenako ndilowe pamzere wa ku Centreville.