Parkinson ndi kusowa tulo: mankhwala kapena opaleshoni ya DBS?

Wodwala Parkinson, matenda a muubongo onjenjemeretsa ndi kuumitsa thupi, amazunzika usiku: thupi limauma, kutembenuka pamphasa kumavuta, tulo timangodukiza. Njira yoyamba ndi mankhwala, makamaka levodopa yosungunuka pang'onopang'ono yomwa pogona. Yachiwiri ndi DBS, opaleshoni yoika makina otakasa ubongo ndi timagetsi: madokotala amalowetsa timawaya muubongo, pamalo otchedwa subthalamic nucleus, batire n'kuliika pansi pa khungu pachifuwa.

Mtengo: mankhwala mumagula mwezi ndi mwezi. DBS imadya ndalama zambiri, ndipo wa ku Ulongwe kapena Moatize amayenera kukafika kunja, monga ku South Africa, n'kumabwererakonso kuti akatchune makinawo.

Kukhalitsa: zaka zikamapita, mphamvu ya levodopa imatha kusanache. Batire wamba la DBS limakhala zaka 3 mpaka 5. Lotchaja limapitirira zaka 10, koma limafuna magetsi odalirika, nkhani yovuta kumidzi ya ku Tsangano.

Zotsatira: DBS imagwira usiku wonse, kuuma ndi kukokana kwa zala zakuphazi m'mamawa kumachepa, tulo n'kutalika. Koma kukuwa ndi kuponya zibakera m'maloto kawirikawiri sikusiya; pamenepo madokotala amapereka melatonin kapena clonazepam. Bala la opaleshoni limathanso kulowa tizilombo.

Amene levodopa ikuwagwirabe bwino apitirize mankhwala. DBS ndi ya amene levodopa imawathandiza koma n'kutha msanga, amenenso sanayambe kuiwalaiwala.