Power supply ya 500W ija yaona fumbi ndi mvula ya ku Kasungu

Ena munafunsa ngati kompyuta ya pashopu panga ikuyakabe chisinthireni power supply, kabokosi kogawa magetsi ku zida zonse za m'kompyuta. Ikuyaka, ndipo ndalama ija sindikuidandaula. Koma pali zina zomwe ndaona m'miyeziyi zoti wofuna kuwonjezera zida m'kompyuta yake adziwiretu.

Kwa amene simunaimve nkhaniyi: ndimapanga makadi a ukwati, mapulogalamu a maliro ndi mavidiyo a zinkhoswe pano pa boma. Kompyuta inkachedwa, ndiye ndinawonjezera RAM (memory yomwe kompyuta imagwirira ntchito) kufika 16GB, ndinaika SSD (chosungira mafayilo chothamanga), komanso graphics card (khadi yothandiza pa zithunzi ndi mavidiyo) ya GTX 1060 yogwiritsidwapo kale ntchito. Nditatseka bokosi n'kudina batani, fani inangogwedezeka pang'ono n'kuima. Pasikirini zii, ngakhale kulira kwa "bip" kunalibe.

Chinatithandiza ndi kuchotsa zida zatsopanozo chimodzichimodzi. RAM yatsopano ili momwemo, makina anayaka. SSD ili momwemo, anayakanso. Kungobwezeramo khadi ija, basi zii. Mmisiri wina wa kumsika anatenga kawaya n'kulumikiza waya wobiriwira ndi wakuda pa pulagi yaikulu ya mapini 24, fani ya power supply yakale n'kuzungulira bwinobwino. Ine ndinati ndiye kuti ili bwino. Iye anaseka: "Ayi achimwene, apa tangoona kuti imadzuka. Kusenza katundu ndi nkhani ina." Ananena zoona. Yakaleyo inali ya 250W, yopanda waya wa mapini 6 wa khadi, moti tinkadalira kawaya kolumikizira. GTX 1060 imadya pafupifupi 120W payokha, pamene malo omwe imalowa pa motherboard (bolodi lalikulu lomwe zida zonse zimalumikizidwapo) amapereka 75W basi. Otsalawo amayenera kudzera pa waya wa mapini 6 uja. Opanga khadiyi amalangiza power supply yosachepera 400W.

Ndinagula ya 500W ku Lilongwe, yokhala ndi chizindikiro cha 80 Plus Bronze, chosonyeza kuti siitaya magetsi ambiri. Poinyamula mumamva kuti muli zinthu mkatimo, osati zopepuka zija zolembedwa manambala aakulu pachikuto koma zongodzaza mphepo.

Tsopano za miyeziyi. Pa ntchito yolemera, monga kutulutsa vidiyo ya ukwati wonse, sinathimepo yokha ngakhale kamodzi. Apa palibe zambiri zonena, ikugwira ntchito yake.

Fumbi ndiye nkhani. Shopu yanga ili pafupi ndi msewu, ndipo mu Okutobala galimoto iliyonse ikadutsa imatisiyira gawo lathu. Power supply imeneyi ili ndi fani yaikulu yoyang'ana pansi, ndiye bokosi likakhala pasimenti imayamwa chilichonse. Inayamba kulira mokweza masana, mpweya wotuluka kumbuyo ukutentha ndithu. Nditasuzumira, kasefa ka pansi kanali katatsekeka ndi fumbi lofiira losakanikirana ndi tizidutswa ta mapepala odulidwa. Ndinakweza bokosilo patebulo, ndipo ndimalipemerera ndi blower kamodzi pamwezi, makina atathimitsidwa, fani nditaigwira ndi kamtengo kuti isazungulire mopenga. Phokoso linatha. Kutsegula power supply yeniyeniyo ayi, musayese: ma capacitor ake amasunga magetsi ngakhale mutazula pulagi kukhoma.

Mu Januwale inandiopseza. Kunagwa mvula ya ziphaliwali usiku, magetsi n'kumapita ndi kubwera. M'mawa kudina batani, palibe. Mtima unagunda, chifukwa mayi ena anali atakhala kale pabenchi kudikira pulogalamu ya maliro. Ndinathimitsa kaswichi ka kumbuyo, kuzula chingwe, kugwira batani la kutsogolo kwa kanthawi, kenako kubwezeretsa zonse. Inayaka ngati palibe chachitika. Ma power supply abwino ali ndi chitetezo chodzitsekera magetsi akalumpha, ndipo nthawi zina amafuna kuwachotsa kumagetsi kaye asanavomere kudzukanso. Yakale ija mwina bwenzi itapita nayo motherboard.

Chomwe sindinachiwerengere pa mtengo wonse ndi UPS, kabokosi ka batire kopatsa kompyuta magetsi kwa kanthawi akathima. Kanga kakale ndi ka 650VA, ndipo manambala amenewa si mawati. Kotere kamatha kunyamula mawati osafika 400. Kale kankandipatsa mpata wosunga ntchito mosathamanga. Lero magetsi akathima khadi ili pantchito, kamalira mopupuluma, ndipo ndimangokwanitsa kudina "save" basi. Batire ya 12V ya mkati mwake nayonso yatopa. Ndiye amene mukulota graphics card, werengerani zinthu zitatu: khadiyo, power supply, ndi UPS yokulirapo.

Chenjezo lina kwa amene muli ndi makompyuta ang'onoang'ono ochokera m'maofesi akunja, aja amabwera ngati kaunjika. Ambiri mwa iwo ali ndi mapulagi awoawo pa motherboard, osati a mapini 24, ndipo power supply wamba siyilowa n'komwe m'bokosimo. Tsegulani muone kaye musanakwere minibasi pa M1. Kwa inu khadi yoyenera ndi yomwe siifuna waya wapadera, monga GTX 1050 Ti, ndipo mufunse ya low profile, yaifupi msinkhu, kuti chivundikiro chitseke.