Lofewa kapena lapakati: ndi tayala liti lopambanira Lamlungu ku MotoGP?

Ife otsatira MotoGP, mpikisano wapamwamba wa njinga zamoto padziko lonse, kuno ku Zomba timapokosera kwambiri mayina, uyu wa Márquez, uyu wa Bagnaia, koma mkangano wokoma umayamba amakaniko akangovula zofunda zotenthetsera matayala, kamera n'kuloza gudumu lakumbuyo. Tayala likakhala ndi mzere woyera m'mbali ndiye lofewa, lopanda mzere ndi lapakati, la mzere wachikasu ndi lolimba. Anyamata ambiri a ku Chikanda amene anayamba kuonera masewerawa Sprint, mpikisano waufupi wa Loweruka, itabwera mu 2023 amangofuna kuona mzere woyera. Akuluakulu amene anaona Rossi ndi Lorenzo akulimbana pa matayala a Bridgestone amati wa nzeru amasankha lapakati. Ine ndimatsamira kwa akuluakuluwo, koma sindiwavomereza zonse.

Kuyambira 2016 matayala onse a MotoGP amachokera ku Michelin, kotero palibe wonena kuti mnzake wapatsidwa a kampani yabwino. Kumbuyo nthawi zambiri pamakhala mitundu iwiri yoti usankhepo, ndipo pa mabwalo ambiri ndi lofewa ndi lapakati. Chimodzi chimene timaiwala pokangana n'chakuti lofewa la pabwalo lina silifanana ndi lofewa la pabwalo linzake. Michelin imasakaniza labala molingana ndi phula la malowo ndi kutentha kwake, ndiye dzinalo limangokuuza kuti mwa awiri amene abwera sabata imeneyo, ili ndiye lofewerapo.

Ubwino wa lofewa suchedwa kuoneka. Limatentha msanga, limamatirira phula kuyambira raundi yoyamba, ndipo wokwera akamatuluka pakona atha kupotoza mafuta molawirira njinga isanaimirire bwino. N'chifukwa chake pothamangira malo oyambira aliyense amavala lofewa. Pa Sprint ya Loweruka naponso ambiri amatenga lomwelo, chifukwa mtunda ndi theka la wa mpikisano waukulu wa Lamlungu, mafuta mu thanki ndi malita 12 m'malo mwa 22, ndipo mpikisano umatha tayala lisanalire. Jorge Martín anapambana ma Sprint 9 mu 2023 mwa njira imeneyi: kuchoka ngati wapsa, kutsegula mpata, ena n'kumangoona nambala 89 ikutalikira. Za Loweruka sitikangana, anzanga, lofewa ndiye mwini tsikulo.

Koma wopambana Loweruka amatenga mapointi 12, pomwe wa Lamlungu amatenga 25. Ndipo Lamlungu lofewa limakubwereketsa liwiro kumayambiriro n'kudzalitenganso kumapeto. Labala akatentha mopitirira, tayala limayamba kupalasa potuluka m'makona. Likamapalasa limatentheratu, likatentheratu limapalasanso kwambiri, ndipo wokwera amene anali kuuluka amapezeka akutaya sekondi yathunthu kapena kuposa pa raundi iliyonse. Lapakati nalonso limatha, koma limatha pang'onopang'ono, mochenjeza mwini wake. Lofewa nthawi zina limangokugwetsa mphwayi kamodzi.

Amene anadzuka m'mamawa kuonera mpikisano wa ku Phillip Island, ku Australia, mu Okutobala 2023 sadzaiwala. Mpikisano waukulu anaubweretsa Loweruka poopa mphepo ya Lamlungu. Martín anayambira kutsogolo, atavala lofewa pomwe pafupifupi onse omuthamangitsa anali pa lapakati, ndipo pakati pa mpikisano anali atawasiya ndi masekondi opitirira 3. Bwalo limenelo lili ndi makona aatali othamanga, ambiri okhotera kumanzere, amene amadya mbali imodzi ya tayala mosalekeza. Maraundi anali 27. Tayala linamufikitsa pa 26 ali patsogolo, koma raundi yomaliza anamudutsa anthu anayi: Johann Zarco, mnzake wa timu yomweyo ya Pramac amene anapambana koyamba mu MotoGP tsiku limenelo, kenako Bagnaia, Di Giannantonio ndi Binder. Martín anathera pa nambala 5 ndi mapointi 11, Bagnaia amene ankalimbirana naye ukatswiri n'kutenga 20. Chaka chimenecho chikho chinapita kwa Bagnaia.

Okonda lofewa amati: koma linangotsala ndi raundi imodzi yokha! N'zoona, ndipo mfundoyi ine sindiitaya. Komano taganizani kuti Martín ndiye anali wothamanga kuposa onse sabata imeneyo. Akanavala tayala lofanana ndi anzake, mwayi wopambana unali wake kale. Juga ndi ya munthu amene alibe chotaya, iye anali nacho.

Bwalo lomwelo linachititsapo manyazi Bridgestone mu 2013, phula litangoikidwa latsopano. Matayala sankatha kupirira, mpikisano anaufupikitsa kufika maraundi 19, ndipo analamula kuti aliyense asinthe njinga asanapitirire maraundi 10. Marc Márquez anapitirira ndi raundi imodzi n'kuchotsedwa mumpikisano, Lorenzo n'kupambana. Ndiye pa Phillip Island munthu asamadabwe tayala likatha.

Lapakati limafuna munthu wodekha dzanja. Maraundi oyamba silimagwira bwino, makamaka kukazizira, ndipo wokwera ayenera kupirira kuona anzake a mzere woyera akumusiya. Luso lake lili pa kuimiritsa njinga msanga potuluka pakona kuti mphamvu ya injini igwere pakati pa tayala pamene labala ndi wotakata, m'malo mwa m'mphepete pamene ndi wochepa komanso wotentha kale. Ena amakweza giya molawirira kuti gudumu lisapalase, ena amasintha mapu a injini, kutanthauza mmene imatulutsira mphamvu, ndi batani la pachiwongolero mpikisano uli mkati. Andrea Dovizioso ndiye anali mphunzitsi wa zimenezi. Ankapita kutsogolo n'kuchepetsa liwiro la gulu lonse, kudalira mphamvu ya njinga yake ya Ducati pamsewu wowongoka kuti asamudutse, kenako n'kumenya nkhondo kumapeto tayala likadali ndi moyo. Anakhala wachiwiri kwa Márquez zaka zitatu zotsatizana, 2017 mpaka 2019. Enea Bastianini anatengera njira yofananayo. Mu 2022 anapambana kanayi ali ku timu ya Gresini, ndipo ku Aragón anadikira mpaka raundi yomaliza kuti adutse Bagnaia. Ukamamuona ali nambala 5 pakati pa mpikisano usamuwerengere kuti watha.

Mpaka apa akuluakulu apambana mkangano. Vuto lawo n'lakuti nzeru ya Dovizioso inapangidwira njinga za nthawi ina, ndipo zimene zasintha zili ku tayala lakutsogolo, limene sitimaliyang'ana n'komwe.

Wa kabaza aliyense amene amatsika kuchokera ku Ku Chawe atanyamula munthu amadziwa kuti ukagwira mabuleki potsetsereka, kulemera konse kumathamangira ku gudumu lakutsogolo. Ku MotoGP n'chimodzimodzi, kungoti njinga yosachepera makilogalamu 157 imakhala ikuchokera pa liwiro lopitirira makilomita 300 pa ola. Brad Binder anafika 366.1 ku Mugello mu 2023. Mapiko amene anadzaza pa njinga zamakono amakanikizira kutsogolo pansi kwambiri, ndipo zida zotsitsa njinga potuluka pakona zimaifikitsa pakona yotsatira ili ndi liwiro lochuluka. Tayala lakutsogolo limatentha. Ukakhala kumbuyo kwa mnzako, mphepo yozizira sikufikira, umangolandira yotentha yochokera ku injini yake. Mpweya wa m'tayala umakwera, tayala limatupa, gawo logunda phula limachepa, ndipo mabuleki amayamba kukukana. Wokwera amamuona mnzake pafupi, liwiro ali nalo, koma kudutsa osatheka.

Kale matimu ankangoyamba ndi mpweya wochepa kuti ukakwera ufike pabwino. Michelin inati zimenezo n'zoopsa, tayala litha kuwonongeka, ndipo kuyambira ku Silverstone mu 2023 anayamba kulanga. Kuchokera mu 2024 lamulo ndi lakuti mpweya wa kutsogolo usatsike pansi pa 1.8 bar kwa maraundi 60 mwa 100 aliwonse Lamlungu, ndi 30 mwa 100 pa Sprint. Wolakwa amamuwonjezera masekondi 16 Lamlungu, 8 Loweruka. Ndiye mainjiniya amakhala ngati olosera. Akaganiza kuti wokwera wawo akhala m'gulu, amayamba ndi mpweya wotsika. Iye akapezeka ali yekha kutsogolo mumphepo yozizira, mpweya sukwera ndipo chilango chikumudikira. Ndi zimene zinamuonekera Maverick Viñales ku Qatar mu 2025. Anatsogolera kwa kanthawi pa njinga ya KTM, anafika wachiwiri, anakwera pansanja, kenako masekondi 16 n'kumuponya pa nambala 14. Fabio Quartararo nayenso analandidwa malo achitatu pa Sprint ya ku Jerez mu 2024, n'kupita kwa Dani Pedrosa.

Wochenjera anali Márquez ku Thailand mu 2025. Akutsogolera bwinobwino anaona kuti mpweya wake uli pansi, anacheuka, n'kumulola mng'ono wake Álex kudutsa. Anakhala pamsana pake maraundi ambiri akuwotha kutentha kwa njinga ya m'bale wakeyo mpaka chiwerengero chitakwana, ndipo kutatsala maraundi ochepa anadutsa n'kupita. Ena mwa ife tinkayesa njinga yawonongeka. Kunena zoona lamuloli ine sindilikonda, chifukwa zotsatira zimasintha anthu atatsegula kale shampeni, koma lilipo ndipo likulowerera pa mkangano wathu.

Likulowerera motere. Njira ya kudikira imafuna kuti ukhale kumbuyo kwa anthu theka la mpikisano, ndipo kumeneko n'kumene tayala lakutsogolo limapsa. Usunga lakumbuyo bwinobwino, nthawi yodutsa ikakwana upeza lakutsogolo lakana. Apa anyamata a lofewa ali ndi mfundo yolimba kuposa imene iwo eni amapereka: tayala lofewa limakuthandiza kudutsa anthu atatu kapena anayi m'maraundi awiri oyamba, mpweya usanakwere, ndipo ukafika mumphepo yabwino utha kuchepetsa dzanja n'kulisamala. Paja amati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Wotsalira pachiyambi masiku ano amavutika kubweza kuposa nthawi ya Rossi.

Bwalo nalo limalamula. Ku Le Mans kumakhala kozizirira, phula silidya labala kwambiri, makona ndi aafupi oima n'kunyamuka, ndipo lofewa limafika kumapeto popanda vuto lalikulu. Ku Sachsenring kuli makona 10 a kumanzere ndi 3 okha a kumanja, ndiye tayala limapangidwa lolimba mbali ya kumanzere, lofewa kumanja kuti lisazizire. Amene amagwa kumeneko nthawi zambiri wagwetsedwa ndi mbali yozizira. Ku Catalunya phula ndi loterera, gudumu limapalasa tsiku lonse, ndipo wosasamala amaonekera poyera maraundi omaliza. Ku Buriram ndi ku Red Bull Ring, Michelin imabweretsa tayala lakumbuyo la thupi lolimba kwambiri chifukwa cha kutentha kwa misewu yaitali yowongoka, ndipo zimenezo zimasokoneza mndandanda wa amene amagwira bwino msewu.

Mvula ikalowererapo mkangano wonse umasanduka wina, ndipo ndingotchulako chifukwa cha Binder, mnansi wathu wa ku South Africa. Ku Austria mu 2021 mvula inagwa kutatsala maraundi ochepa, otsogola analowa kukasintha njinga, Binder anakhalabe pa matayala opanda mano n'kuyenda ngati pa sopo mpaka kupambana. Martín anayesa zosiyana ku Misano mu 2024, analowa kukatenga njinga ya mvula kutangowaza pang'ono, mvula n'kuleka, iye n'kuthera pa 15. Koma chaka chomwecho anatenga ukatswiri ndi mapointi 508 kwa 498 a Bagnaia, atapambana Lamlungu katatu kokha pomwe Bagnaia anapambana ka 11. Martín wa 2024 anali ataphunzira kulandira nambala 2 tayala likamuuza kuti lero zathera pomwepo.

Ndiye mukandifunsa kuti ndingamuveke liti wokwera wanga Lamlungu, ndiyamba ndafunsa kuti akuyambira pati. Ngati ali m'mizere iwiri yoyambirira, pabwalo lotentha kapena la makona aatali, ndi lapakati basi. Ali kale pafupi ndi mphepo yabwino, safunika kugula malo ndi labala, ndipo maraundi asanu omaliza adzakhala ndi chomenyera nkhondo. Ngati akuyambira nambala 12 kapena kumbuyo kwake, kuli kozizira, ndipo sakulimbirana chikho, mupatseni lofewa ayese mwayi, chifukwa pa lapakati adzangokhala mumzere akuwotcha lakutsogolo. Wolimbirana chikho yekha ndiye asasiyane ndi tayala limene mdani wake wavala, pokhapokha maraundi aatali a Lachisanu ndi Loweruka m'mawa atamuonetsa poyera kuti lake lifika.

Mu 2027 Pirelli, imene ikupereka kale matayala ku magulu aang'ono a Moto2 ndi Moto3 kuyambira 2024, ilowa m'malo mwa Michelin. Injini zitsika kuchoka pa 1000cc kufika pa 850cc, mapiko awachepetsa ndipo zida zotsitsa njinga aziletsa. Zikachepetsadi kutentha kwa tayala lakutsogolo, kudikira kumbuyo kwa mnzako kudzakhalanso kotheka, ndipo ndidzavomereza akuluakulu mbali yotsalayo.