Chimbale cha Trio in Tokyo: musachimvere pa sipika ya foni

Michel Petrucciani, woyimba piyano wa nyimbo za jazz, anajambula chimbalechi mu Novembala 1997 pamaso pa anthu m'kalabu ya Blue Note ku Tokyo, koma kampani ya Dreyfus Jazz inachitulutsa mu 1999, mwini wake atamwalira kale. Mkuluyu anabadwira ku Orange m'dziko la France mu 1962, n'kumwalirira ku New York pa 6 Januwale 1999 ali ndi zaka 36. Matenda a mafupa osachedwa kuthyoka anam'siya wamfupi zedi, moti zopondera za piyano ankazifikira kudzera pa kachitsulo kochita kulumikiza. Pa chimbalechi simungadziwe zimenezo, dzanja lake lamanja likugunda mwamphamvu komanso moyera.

Oyimba alipo atatu basi: iyeyo pa piyano, Steve Gadd pa ng'oma, ndi Anthony Jackson pa gitala ya besi. Nkhani yagona pa Jackson. Besi yake ndi yamagetsi, ya mawaya 6 osati 4, ndipo waya wotsikitsitsa wa B umalira pa ma Hz pafupifupi 31, kutanthauza kuti umanjenjemera ka 31 kokha pa sekondi. Sipika ya foni singatulutse mawu otsika chonchi, choncho piyano imamveka ngati ikulendewera yopanda poponda. Ambiri amene amati chimbalechi n'chopepuka ndi amene anachimvera pa foni. Valani mahedifoni ophimba khutu lonse, kapena tsegulani wailesi ya sipika zikuluzikulu. Batani lowonjezera besi musalikhudze, chifukwa ng'oma yamwendo ya Gadd imasakanikirana ndi besiyo n'kukhala phala.

Yambani ndi September Second ndi Home. Nyimbo ziwirizi zinatuluka koyamba pa chimbale cha Playground cha 1991, zitavekedwa makiyibodi, koma kuno azivula zonsezo, ndipo zikukoma kuposa poyamba. Home imayamba mwakachetechete n'kumakwera pang'onopang'ono. Mukakweza voliyumu poyambirira, kumapetoko muthamangira kutsitsa.

So What, ya Miles Davis, ndi yothandiza kwa wophunzira piyano. Imakhazikika pa kiyi ya D, kukwera pang'ono kupita pa E-flat, n'kubwereranso pa D, ndiye n'zosavuta kutsatira mmene Petrucciani akutambasulira kachidutswa kamodzi popanda makodi ambiri omubisa.

Chilema chilipo. Besi yamagetsi pamodzi ndi kamenyedwe kowongoka ka Gadd zimachititsa kuti nyimbo ziziyenda ngati zili pa njanji, ndipo pa nyimbo zothamanga Petrucciani nthawi zina amaunjika manotsi mpaka khutu kusowa popumira. Amene amakonda besi yaikulu yathabwa ija atenge chimbale china cha Petrucciani, Live at the Village Vanguard cha 1984, momwe muli Palle Danielsson pa besiyo ndi Eliot Zigmund pa ng'oma. Wofuna zofatsa kwambiri atenge Power of Three, chimene anajambula ku Montreux m'dziko la Switzerland mu 1986 ndi Jim Hall pa gitala komanso Wayne Shorter pa sakisofoni, momwe mulibe ng'oma ngakhale besi.