Galimoto ya dizilo ndi kaboti kanga, patatha miyezi 11 chipumireni pantchito

Nditangopuma pantchito ndinagula zinthu ziwiri zomwe ndinkazilakalaka kwa zaka zambiri, galimoto ya dizilo yoti wina anayendapo kale, ya mphamvu yokoka ngolo, ndi kaboti ka aluminiyamu ka mamita 4 kokhala ndi injini kumbuyo, ya mphamvu ya 15 hp (horsepower), ya mtundu wa four-stroke womwe petulo sasakaniza ndi oyilo. Mwezi woyamba ndinkazitama kwa aliyense wobwera pakhomo, ndinkati galimoto iyi siimwa mafuta, injini ya boti ukangokoka chingwe kamodzi yalira, basi moyo ndi umenewu. Pano papita miyezi 11 ndipo ena mwa mawu aja ndikuwabweza, osati onse ayi, koma ena ndithu.

Ndiyambe ndi galimoto poti ndi imene yandidyera penshoni. Pa mwezi wachinayi panayaka kagetsi kachikasu pa dashibodi, ine nkumati mwina kazima kokha, ndinayenda nako masabata awiri mpaka tsiku lina ndikukwera kachitunda galimoto inangofooka, ndikaponda mafuta osathamanga, ngati munthu wodwala wongodzuka kumene. Makaniko atalumikiza kompyuta yake anangoseka nkundifunsa kuti, "Madala, kodi galimotoyi mumapita nayo kuti?" Ndinamuwerengera: kukagula zinthu, kukatenga mankhwala, kukaona mnzanga wina wapafupi, maulendo a mphindi 5 kapena 10. Akuti vuto ndi lomwelo. Magalimoto a dizilo a masiku ano ali ndi sefa mu ekizozi, amaitcha DPF, imagwira mwaye kuti usatuluke ndi utsi, ndiye mwayewo umayenera kupsa pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 600, koma kutentha kumeneko sikufika ngati injini ukuizimitsa isanatenthe nkomwe. Galimoto imayesa yokha kuwotcha mwayewo pothira dizilo woonjezera, iwe nkuizimitsa pakati pa ntchitoyo poti wafika kale komwe umapita, dizilo wina uja amatsikira mu oyilo. Anasolola kachitsulo koyezera oyilo nkundionetsa, oyilo anali atadutsa pa mzere wapamwamba pomwe ine sindinathirepo ngakhale dontho, ndipo ukanunkhiza fungo la dizilo lenileni.

Chinandipweteka nchakuti nthawi yomwe ndinkagwira ntchito ndinkayenda mtunda wautali tsiku lililonse ndi kagalimoto kakang'ono ka petulo, nthawi imeneyo ndi yomwe dizilo akanandiyenera. Ndagula dizilo nthawi yoti ndasiya kuyenda. Tsopano kamodzi pa masabata awiri ndimatuluka dala kukayenda mphindi 30 pa msewu waukulu osaima, popanda komwe ndikupita, mayi akunyumba amati ndikukawongola miyendo ya galimoto, ndipo chiyambireni zimenezi kagetsi kaja sikanayakenso.

Batire nalo linafa mwezi wachisanu ndi chimodzi, nkhani yake yomweyo. Kuliza injini ya dizilo kumadya moto wambiri ndipo ulendo wa mphindi 5 subweza motowo. Ndinagula kamita kotchipa koyezera, batire lodzaza bwino limaonetsa ma volt 12.6 injini ili chozima, langa linkaonetsa 12.1, injini ikalira limakwera kufika cha mma 14 kusonyeza kuti alternator, yomwe imadzaza batire injini ikamalira, ilibe mlandu. Ndinasintha batire nkugulanso kachaja kolisiya cholumikiza galimoto ikakhala masiku osayenda. Apa sindidandaula kwambiri, linali lakale kale.

Chomwe ndimadandaula ndi makaniko woyamba yemwe ndinapitako pa nkhani ya phokoso la kutsogolo, anasunga galimoto masiku 9, tsiku lililonse "mawa bwana, sipeya ikubwera mawa", nkusintha chinthu chomwe sichinali chowonongeka, phokoso lili pomwepo. Wachiwiri anakweza galimoto, nkugwedeza tayala ndi manja awiri, mphindi zitatu zokha wapeza kuti ndi ball joint, kachitsulo kolumikiza mbali ya tayala ku galimoto. Masiku 9 amenewo ndi omwe mwana wanga wamkazi anabwera ndi ana ake, ndiye boti linangokhala pa ngolo pabwalo adzukulu nkumakweramo kumapalasa mpweya ndi matsache.

Koma galimotoyi ikakhala bwino, pokoka boti ndiye ayi ndithu, apa sindibweza mawu. Siimva nkomwe kuti kumbuyo kuli katundu, ndipo potulutsa ngolo mmadzi pamalo poterera imangokwera pang'onopang'ono osazungulitsa matayala.

Kaboti kandivutitsa mochepa kuposa galimoto, ndipo mavuto ake ambiri ndi anga omwe. Ulendo wachitatu kukatsitsa mmadzi ndinaiwala kutseka kabowo kotulutsira madzi kakumbuyo kaja, ndakoka chingwe injini yalira, ndikuona mapazi anyowa, madzi akulowa mwakachetechete ngati mlendo wamanyazi, mkamwini wanga ali pa gombe akukuwa kuti "Bambo, pulagi!" atainyamula mmwamba, inali mthumba la jekete lomwe ndinamupatsa kuti andigwirire. Pano pulagiyo ndinaimangirira ku kiyi wa loko ya ngolo, sindingamasule ngolo osaiona.

Kenako inabwera nyengo yomwe sindinapite ku madzi pafupifupi miyezi itatu, bondo linkandivuta komanso kunali mphepo. Nditabwerera injini inakana, ndinakoka chingwe mpaka phewa kuwawa, ikalira pang'ono nkuzima. Petulo akakhalitsa amawonongeka, mbali yake yopepuka imauluka nkutsala zomata zomwe zimatseka timabowo ta mu kabuleta, momwe petulo amasakanikirana ndi mpweya, ndipo timabowo take ndi tating'ono ngati kuboola ndi singano. Ndinamasula ndekha patebulo la pakhonde, magalasi pamphuno, tizidutswa ndikuika mu mbale yakale kuti tisasowe, ndinatsuka nkubwezera ndipo inalira, kunena zoona tsiku limenelo ndinanyada kuposa tsiku lomwe anandikweza pantchito. Masiku ano ndikadziwa kuti boti likhala nthawi, ndimachotsa paipi ya mafuta injini ikulira mmadzi nkuisiya imalize petulo wa mu kabuleta mpaka izime yokha.

Pali kanthu kamodzi komwe ndikufuna aliyense wogula injini yotere akadziwe, kamadzi kaja kamatuluka kumbuyo kwa injini ngati mwana akukodza. Kamene kaja ndi umboni woti pampu ikukoka madzi oziziritsa injini. Mkati mwa pampuyo muli kachinthu ka labala kokhala ndi mapiko, impeller, ndipo labalayo amafuna madzi nthawi zonse, ukaliza injini pouma ngakhale kwa kanthawi kochepa mapiko aja amapsa. Ine ndinaliza pabwalo kuti ndionetse mlamu wanga mmene imamvekera, mwina theka la mphindi basi, ulendo wotsatira kamadzi kaja kankangodontha. Mwayi ndinakaona msanga nkuzimitsa, tinabwerera ndi nkhafi, mlamu yemweyo akupalasa uku akundinena. Oyilo wa injiniyi ndimasintha pa maola 100 kapena kamodzi pachaka monga likunenera buku lake, ndipo poti maola anga pa miyezi 11 sanafike ngakhale 40, ndiye kuti ndi kalendala yomwe izindiuza.

Ngolo ndiye sindinkaiwerengera nkomwe, ndinkangoti zitsulo ndi matayala awiri chingavute nchiyani. Ma bearing a mmatayala. Ukayenda mtunda amatentha, ndiye ukalowetsa ngolo mmadzi ozizira nthawi yomweyo mpweya wa mkati umanyala nkukokera madzi mkati, girizi amasanduka ngati phala loyera, dzimbiri nkuyamba ntchito yake ngolo ili chiimire pabwalo. Ndinamva kulira kwachilendo pobwerera, nditaima nkugwira pakati pa tayala ndinachotsa dzanja msangamsanga. Tsopano ndikafika pa gombe ndimadikira kaye mphindi 15 kapena 20 kuti azizire, nthawi imeneyo ndi yomwe ndimavalika ana majekete ndi kuyang'ana pulagi kachiwiri.

Za abale, apa mpomwe ndimasowa chonena ndikafuna kuwerengera ngati ndinaluza kapena ayi. Kale ana anga ankabwera, kukhala pabalaza aliyense pa foni yake, tsiku lachiwiri ayamba kale kuyang'ana wotchi. Pano amaimba okha kufunsa ngati boti lili bwino asananyamuke. Kachitsulo ka pa boti kanalembedwa kuti anthu 4 ndipo sindipyola pamenepo ngakhale wina alire, ndiye timapita mmagulu, ena akudikira pa gombe ndi agogo awo aakazi omwe anakwerapo kamodzi kokha nkunena kuti zawakwanira. Majekete a ana ndinagula otengera kulemera kwa mwana, okhala ndi lamba wodutsa pakati pa miyendo, chifukwa jekete lalikulu mwana akagwera mmadzi limangokwera kumutu iye nkutsikira pansi. Ndipo kachingwe kofiira kozimitsira injini kamakhala pa dzanja langa nthawi zonse, kamdzukulu kanga ka zaka 7 ndiko kapolisi wake, tisananyamuke kamafunsa, "Agogo, chingwe chija mwavala?" Tsiku lina tili pakati pa madzi ndinazimitsa injini kuti timve bata, iko kanakhala chete kwa nthawi yaitali ndithu, chinthu chomwe sichichitika kunyumba, kenako nkundinong'oneza kuti tisayatsenso.

Mukandifunsa ngati ndingagulenso, boti eya, lomweli, kukula kwake komweku poti ndimatha kulitsitsa ndi kulikweza ndekha opanda wondithandiza. Galimoto ayi, ndikanatenga ya petulo, ingamwe mafuta ambiri pokoka koma ndimakoka kawiri pamwezi basi, masiku ena onsewo ndi timaulendo tatifupi tomwe dizilo amadana nato. Ndaganizapo zoigulitsa koma ndaikonzetsa kale zambiri moti ndikuona ngati wogulayo ndi amene akadyerere thukuta langa, ndiye ikadali pano.

Mwezi wamawa akubwera onse pamodzi, ana atatu ndi mabanja awo, koyamba chipumireni pantchito. Impeller yapadera ndagula kale ili mu kabati pamodzi ndi girizi, koma dzulo pobwerera kowongola miyendo kuja ndamva kakugogoda kena kumbuyo kumanzere ndikadutsa pa bampu, mayi akunyumba akuti iwo sanamve kalikonse ndipo ndisayambe. Lolemba ndikaisiya kwa makaniko wachiwiri uja.