16Personalities imathandiza kudzimvetsa, koma ntchito za kuno kuchigwa siidziwa

Anthu angapo akhala akundifunsa pa WhatsApp za webusaiti ija ya 16Personalities yoyesa khalidwe la munthu, ati kodi ndi yothandizadi kapena nzongotha bandulo, ndiye ndati ndilembe kamodzi onse muwerenge. Ine ndikuti ndi yabwino ndipo yesani, makamaka inu amene mukadzuka m'mawa kuganiza za kuntchito mtima umalemera koma wina atakufunsani kuti chavuta nchiyani simungathe kufotokoza. Kungoti ili ndi pomwe imathera, ndipo pamenepo mpomwe anzathu ena akusochera.

Kayendedwe kake nkosavuta. Mumalowa pa foni, mafunso alipo 60, lililonse ndi chiganizo chonena za inu ndiye mumadina kabwalo kosonyeza ngati mukuvomera kwambiri, pang'ono, kapena mukukana. Mphindi 10 kapena 15 mwamaliza, ndi yaulere, sidya bandulo yambiri ndipo netiweki ya pa Nchalo inakwanira bwinobwino. Chichewa mulibe, Chisena ndiye musachite kufunsa, ndipo Chingerezi chake pena nchozungulira moti ngati simuchimva bwino khalani ndi munthu wokumasulirani, koma asakhale bwana wanu kapena munthu amene mumamuchitira manyazi chifukwa muyankha zomusangalatsa iyeyo. Pamapeto amakupatsani malembo asanu osonyeza mtundu wa khalidwe lanu mwa mitundu 16. Anayi oyambawo anabwereka ku njira ya amayi awiri aku America, Katharine Briggs ndi mwana wake Isabel Myers, amene anaiyamba m'zaka za m'ma 1940 potengera zimene katswiri wa za maganizo Carl Jung analemba mu 1921, ndipo lachisanulo, A kapena T, anawonjezera okha eni webusaitiyi, limanena ngati ndinu wodzidalira kapena wodera nkhawa msanga.

Ine ndimagwira ntchito ku bungwe lina lobwereketsa ndalama kwa magulu a amayi, dera langa ndi la pakati pa Nchalo ndi Ngabu, pa njinga yamoto. Kuphunzitsa gulu latsopano kasungidwe ka mabuku, kukhala pansi ndi mayi kuwerengera limodzi ngati geni yake ya mandasi kapena ya nsomba za ku Elephant Marsh ikupindula, zimenezo ndimatha kuchita dzuwa la Novembala lili pamutu osamva kutopa. Koma kutolera. Abale kutolera ngongole kunkandidwalitsa, makamaka namondwe Freddy atadutsa mu Malichi 2023, anthu ali asanadzuke nkomwe ku za namondwe Ana wa mu Januwale 2022, umafika pakhomo munda unapita ndi madzi mbuzi zinapita, iwe uli ndi fomu m'manja ndipo kuofesi akudikira tageti. Mnzanga amene timagawana naye dera amalankhula nawo molimba koma mwaulemu ndalama nkutuluka, madzulo nkukaonera mpira mtima uli mbee, ine kufika kunyumba nsima osailawa. Ndinkangoti mwina ndine wofooka.

Zotsatira zanga zinatuluka ISFJ-T, iwo amati Defender. Munthu wopeza mphamvu akakhala payekha kapena ndi anthu ochepa, wosamala tinthu ting'onoting'ono, woganizira kaye mmene mnzake amvere asanalankhule, wokonda dongosolo, wovutika kukana komanso wosenza mavuto a ena ngati ake. Powerenga gawo lonena za makhalidwe a kuntchito ndinaona kuti sikuti ntchito yonse ndimadana nayo ayi, ndi chigawo chimodzi chokha chimene chimalimbana ndi mmene ndinabadwira, ndipo mnzanga uja si wouma mtima, iye amayamba waona lamulo ndi manambala kenako munthu, ine ndimayamba ndaona munthu. Apa pokha webusaitiyi inandigwirira ntchito yaikulu, inandipatsa mawu oti ndikanene kwa abwana popanda kuoneka ngati ndikungodandaula. Tinakambirana, pano magulu atsopano ambiri ndimaphunzitsa ndine ndipo milandu yovuta ya kubweza timayendera awiri. Kutolera sikunathe koma ndikupuma.

Tsopano pomwe imafooka. Mafunso ake analembedwa poganizira moyo wa kwina. Amafunsa ngati pamalo pamene pasonkhana anthu mumapita kukadzidziwitsa kwa achilendo kapena mumangocheza ndi odziwana nawo kale, koma kwathu kuno pamaliro kapena paukwati moni umapereka kwa aliyense, ufune usafune, ndi mwambo osati khalidwe lako. Munthu wofatsa weniweni akhoza kuyankha ngati wokonda gulu chifukwa choti anakula akuchereza alendo ndi kuimba kwaya. Ndiye poyankha muzidzifunsa kuti pakanapanda kuopa kuti anthu anena chiyani ndikanachita bwanji.

Chachiwiri, amakuikani mbali imodzi ngakhale muli pakatikati. Pansi pa lembo lililonse pali maperesenti, muziwayang'ana amenewo kuposa dzina lokomalo. Amene wapeza 51 ndi amene wapeza 49 amapatsidwa malembo osiyana pomwe ndi anthu ofanana, nchifukwa chake ambiri akabwereza patapita nthawi lembo limodzi limasintha, ndipo akatswiri ambiri a za maganizo sakhulupirira zogawa anthu onse m'magulu 16. Ngakhale kampani imene ili ndi mayeso enieni a Myers-Briggs imanena yokha kuti asagwiritsidwe ntchito posankha munthu wolemba ntchito. Mabwana amene mwayamba kufunsa achinyamata malembo awo pa intavyu chonde lekani, mutaya anthu abwino.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi gawo la ntchito zokuyenerani. Limatchula ntchito zambirimbiri ngati munthu umangolowa mu shopu nkusankha. Kuno ntchito za salale tikuzidziwa, ndi kumunda ndi ku fakitale ya shuga ya Illovo, uphunzitsi, zaumoyo, mabungwe obwera ndi mapulojekiti a zaka zochepa, mwina ku Majete kapena ku Lengwe ngati mwayi wagwa, ena onse ndi thonje, ziweto, kabaza ndi geni. Mtsikana wa ku Bangula amene akulipirira fizi abale ake akawerenga kuti iye anayenera kukhala wolemba nkhani kapena wojambula, mawa lake ntchito imene ali nayo imayamba kumuwawa kuposa dzulo, ndipo webusaitiyo siidziwa kuti kumbuyo kwake kuli anthu angati. Komanso si kutopa konse kumene kumachokera ku khalidwe. Salale yochedwa, bwana wolalata, kuyenda mtunda wautali kutentha kutapitirira madigiri 40, zimenezi zimafoola munthu wa malembo aliwonse, ndipo mayesowa safunsa nkomwe za izi.

Ndiye mukalowa, yankhani tsiku limene mtima uli pansi, osati kumapeto kwa mwezi malipoti akukuthamangitsani. Gawo la mndandanda wa ntchito lidutseni mwachangu, khalitsani pa la mphamvu ndi zofooka zanu ndi la makhalidwe a kuntchito, kenako tengani pepala mulembe zimene mumachita pa sabata nkuchonga zimene zimakutherani mphamvu, nthawi zambiri mupeza ndi ziwiri kapena zitatu basi ndipo zina mwa izo zikhoza kusinthanitsidwa ndi mnzanu wa pa ofesi yomweyo. Eni webusaitiyi ali ndi zina zolipira zimene amakuonetsani pamapeto, ine sindinagule, zaulerezo zinandikwanira pa zimene ndinkafuna.